Galimoto siyofunika kuyiwotha m'mawa

Juni ndi Julayi akafika, ku Area 25 kapena ku Kawale mumamva magalimoto akulira pakhomo eni ake ali kubafa. Ati akutenthetsa injini. Chizolowezi chimenechi n'cha nthawi ya magalimoto akale a kabuleta, kachipangizo kosakaniza petulo ndi mpweya popanda kompyuta. Pa Vitz, Passo kapena Sienta yanu, mukungotentha petulo wodulayu ndi kupumitsa ana utsi.

Pa paipi ya ekizozi, pafupi ndi injini, pali kachitini kotchedwa catalytic converter. M'kati mwake muli timabowo ngati zisa za njuchi, topakidwa platinum, palladium ndi rhodium. Utsi ukamadutsamo, mpweya wakupha wa carbon monoxide ndi petulo wosapsa zimasanduka carbon dioxide ndi nthunzi. Koma kachitinika n'kaulesi kakazizidwa. Kamayamba ntchito kakatentha kufika madigiri 250 mpaka 300. Kasanafike pamenepo utsi umatuluka wosasefedwa, komanso ndi nthawi yomwe kompyuta ya galimoto imathira petulo wochuluka kuti injini isazime. Fungo la petulo lomwe limadzaza pakhonde m'mawa lija limachokera apa.

Mukangoliza, injini imalira mokweza kwa kanthawi. Sikuti yawonongeka ayi. Kompyuta imachita dala, imachedwetsanso moto wa mapulagi kuti utsi utuluke wotentha, kachitinika kafulumire kudzuka.

Inu ithandizeni chonchi: lizani, mangani lamba, dikirani masekondi 30 kuti oyilo azungulire, kenako nyamukani modekha. Injini yomwe ikukoka galimoto imatentha msanga kuposa yongolira pamalo amodzi. Musaponde moto kwambiri mpaka muvi wa kutentha utasuntha, kapena kanyale kosonyeza kuti injini ndi yozizira katazima. Ndipo m'galaja yotseka musayerekeze n'komwe kuisiya ikulira, chifukwa carbon monoxide sanunkha.

Chomwe chimandipweteka mtima ndi thermostat, yomwe imatsekera madzi kuti asapite ku radiator injini isanatenthe. Amakaniko ena amangoichotsa, amvekere kuno n'kotentha, siyofunika. Ikachoka, madzi amazungulira mu radiator kuyambira poliza pomwe, injini imakhala yozizira mpaka mwafika ku City Centre, kompyuta ikungothirabe petulo wochuluka. Kanani, gulani ina.

Pulagi yakufanso musaizengereze. Petulo wosapsa amakayakira m'kachitinimo mpaka kusungunula zisa zija. Nyale ya injini ikamaphethira pa dashibodi, kapimitseni tsiku lomwelo. Pokatenga galimoto kugalaja suzumirani pansi muone ngati kachitini kaja sanakakhudze, poti alipo ena amagula zam'kati mwa kachitinika chifukwa cha zitsulo zodula zija.