Momwe mungapangire kuthwanima kwa dzuwa la pansi pa madzi mu labotale

Pamadzi osaya ku Cape Maclear, dzuwa likafika paliwombo, pamiyala pomwe nsomba za mbuna zimadya ndere pamavina mizere ya kuwala. Kafunde kalikonse kamapinda kuwala ngati galasi lokulitsira zinthu, motero pena kumaunjikana, pena kumamwazika. Ofufuza za ndere ndi maso a nsomba amafuna kuwala kotereku mu labotale, poti m'nyanja zamoyozi sizikhala pansi pa nyali yongoyaka phee.

Pezani thanki yagalasi, muthiremo madzi oyera akuya masentimita 30 kapena 40, ndipo pansi muyale mbale yoyera. Madzi amatope amafufutitsa mizere yonse.

Nkhani yagona pa nyali. Dzuwa limaoneka laling'ono kumwambaku, pafupifupi theka la digiri, n'chifukwa chake mizere yake imakhala yakuthwa. Tsiku la mitambo siioneka n'komwe. Choncho nyali yachubu isiyeni, poti ndi yaikulu. Tengani tochi ya kababu kamodzi ka LED, muipachike mamita awiri pamwamba pa madzi, kenako mutseke mawindo. Ikhale ya mabatire ndipo muiyatse pamphamvu yake yonse. Magetsi athu ndi a 50 Hz, kutanthauza kuti amapita ndi kubwerera maulendo 50 pa sekondi, ndiye mababu ena amaphethira okha maulendo 100 pa sekondi, zomwe zingakusokonezeni poyeza.

Mafunde apangeni ndi kafani ka kompyuta, kouzira mopendekeka pamwamba pa madzi. Musakokomeze. Kamphepo kayaziyazi ndi kamene kamatulutsa mizere yabwino, chimphepo chimangovundula zonse. Kumapeto kwa thanki ikani siponji kuti mafunde asamabwerere akagunda galasi. Mawaya akhale kutali ndi madzi.

Tsopano kwezani ndi kutsitsa mbale ija pang'onopang'ono. Mupeza kuya kumene mizere ikuwala kwambiri: timafunde tating'ono timaunjika kuwala pafupi ndi pamwamba, mafunde otalikirapo amaunjika pansi ndithu.

Poyeza musadalire mita wamba yoyezera kuwala, imachedwa. Kuthwanimaku kumadutsa m'kanthawi kosakwana gawo limodzi mwa magawo khumi a sekondi. Photodiode yaing'ono (kachipangizo kosandutsa kuwala kukhala magetsi) yolumikiza ku kompyuta ndiye yoyenera. Ngati palibe, jambulani mbaleyo ndi foni yotha kutenga zithunzi 240 pa sekondi, mutatseka kaye zoti kamera izidzisinthira yokha kuwala.

Ngati cholinga ndi kulera ndere, ziikeni m'botolo lagalasi lotseka bwino n'kulimiza pa kuya kuja, kuti mafunde asinthe kuwala kokha osatakasa nderezo. Botolo lina likhale m'thanki yamadzi abata pansi pa nyali yofanana, kuti mukhale ndi poyerekezera.