Momwe mungalembere filimu yanu yoyamba muli konkuno ku Kasungu

Achinyamata ambiri akaganiza zopanga filimu amathamangira kufunsa mtengo wa kamera. Kamerayo idikire kaye. Choyamba ndi sikiriputi, nkhani yolembedwa imene ojambula ndi osewera amatsata, ndipo mutha kuyamba kuilemba m'kope wamba muli pakhonde ku Chamama kapena ku Santhe.

Yambani ndi munthu mmodzi wofuna chinthu chimodzi, pakhalenso chomutsekereza. Filimu ya The Boy Who Harnessed the Wind, yomwe inatuluka pa Netflix mu 2019, inajambulidwa kwathu konkuno ku Wimbe, ndipo nkhani yake ndi yoti mutha kuinena kamodzi n'kamodzi: William Kamkwamba wabwezedwa kusukulu chifukwa cha fizi, njala yafika povuta, iye akufuna kupanga makina oyendera mphepo opopera madzi. Yanunso ikwane m'chiganizo chimodzi. Tinene kuti tenanti wa pa esiteti akufuna malipiro ake mwana asanabwezedwe kusukulu, koma bwana akungoti mabelo a fodya akadali kumsika wa ku Chinkhoma. Ikakanika kukwana, ndiye kuti nkhaniyo sinapse.

Nkhani ikakwana m'chiganizo chimodzi, igaweni m'masini, kutanthauza tizigawo tochitikira pamalo amodzi nthawi imodzi. Dulani timapepala, kalikonse sini imodzi: zikuchitikira kuti, alipo ndani, chasintha n'chiyani. Sini imene palibe chasintha, itayeni ngakhale ikukomereni bwanji.

Tsopano kalembedwe. Sini iliyonse imayamba ndi mutu wa zilembo zikuluzikulu: INT. ngati ndi mkati, EXT. ngati ndi panja, kenako malo ndi nthawi. Mmunsi mwake mumalemba zokhazo zimene diso liona ndi khutu limva, ngati zikuchitika panopa:

EXT. PACHIGAFA - M'MAWA
Nabanda akusoka fodya, zala zada bii. Akumva kulira kwa lole. Akuimirira, akupukuta manja pachitenje. Lole ikudutsa osaima. Akukhalanso pansi.

Onani kuti sitinalembe zoti "Nabanda akudandaula mumtima". Zamumtima kamera sijambula. Pakompyuta gwiritsani ntchito zilembo za Courier, saizi 12, chifukwa mukatero tsamba limodzi limakhala pafupifupi mphindi imodzi ya filimu. Pulogalamu ya Trelby ndi yaulere ndipo imakusanjirani yokha, koma Word nayonso imatha ntchitoyi. Filimu yoyamba isapyole masamba 10.

Pamene ambiri timagwera m'mbuna ndi pazoyankhula. Tinakulira zisudzo za pawailesi ndi za pasiteji, pomwe chilichonse chimayenera kutuluka pakamwa, ndiye timadzaza tsamba lonse ndi malonje: mwadzuka bwanji, kunyumba kuli bwanji, ana ali bwanji. Woonera amakhala wagwira kale foni. Lowani m'sini nkhani itayamba kale kutentha, mutulukemo isanazizire. Kumbukiraninso kuti anthu sanena zonse poyera. Mlamu wodzakongola ndalama amayamba ndi za mvula, amayamikira mbuzi zili m'khola, ndipo woonera amadziwa yekha chimene wadzera. Mukamaliza kulemba, itanani anzanu awerenge mokweza, aliyense mbali yake. Pamene lilime lawo lapunthwa, konzani.

Polemba muziyang'ananso m'thumba. Sini ya usiku imafuna magetsi owunikira, ya padepoti kapena pafupi ndi chigayo imamiza mawu, ndipo mvula ikayamba kugunda pamalata, tsikulo lapita. Anthu amapirira chithunzi cha foni, koma mawu osamveka sapirira. Choncho ndalama yoyamba ipite pa maikolofoni. Malo awiri kapena atatu ndi osewera anayi n'zokwanira.

Zotsalazo ndi zamapepala. Sikiriputi ikatha, kailembetseni ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa ntchito zaluso, musanayambe kuimwaza pa WhatsApp. Nyimbo ya mwini musaiike m'filimu popanda chilolezo cholembedwa, ndipo osewera asainire zimene mwagwirizana, ngakhale ali a kutchalitchi kwanu. Filimu yokaonetsa pagulu imayenera kudzera kaye ku Censorship Board, bungwe la boma lounika mafilimu. Kuti mudziwane ndi anzanu a ntchitoyi, fufuzani za Film Association of Malawi. Podikira zimenezo, pemphani ojambula maukwati ndi mavidiyo a makwaya a pa boma pano kuti muziwanyamulira zipangizo Loweruka, muone mmene amaimikira kamera ndi mmene amadulira zithunzi pakompyuta.