Mtengo wa sheya ukagwedezeka, musathamange

Anthu ambiri ayamba kugula masheya, omwe ndi magawo a umwini wa kampani, pa msika wa Malawi Stock Exchange ku Blantyre, makamaka chilowereni Airtel Malawi ndi FDH Bank pamsikawu mu 2020. Mtengo ukangosuntha, funso limakhala limodzi: ndisunge, ndiwonjezere kapena ndigulitse? Yankho lake musalifune pa mtengo wa lero. Lifuneni pa kampani imene munagulamo gawo.

Choyamba ndi ndalama yogulira. Ya fizi, ya feteleza, ya banki nkhonde, kaya ya katapila, isapite kumeneko. Msika wathu ndi waung'ono, makampani ake sakwana 20, ndipo sheya zina zimatha masiku osagulidwa. Mukafuna kugulitsa mwadzidzidzi chifukwa mwana wadwala, mungadikire wogula kapena kulolera mtengo wotsika. Ikani ndalama imene mungaiiwale zaka zitatu kapena zisanu osavutika.

Tsono mtengo watsika. Dzifunseni chimene chasintha ku kampaniko. Mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo makampani amene anali ndi ngongole zolipira m'madola anapwetekedwa kwambiri. Airtel Malawi inamaliza chaka chimenecho ndi kutaya ndalama m'malo mopindula. Komatu anthu sanasiye kuimba foni kapena kugula mabandulo. Vuto lotere limatha kudutsa. N'chimodzimodzi Illovo madzi akasefukira m'minda ya nzimbe ku Nchalo: shuga amachepa chaka chimenecho, koma minda ndi fakitale zikadalipo. Zimene ziyenera kukudetsani nkhawa ndi zina: makasitomala akuthawa, ngongole ikukula chaka ndi chaka, dividendi (gawo la phindu limene kampani imapatsa eni masheya) yasiya kubwera popanda chifukwa chomveka, kapena lipoti la pachaka likuchedwa. Pamenepo gulitsani, ngakhale pa mtengo wochepera umene munagulira. Ambiri amakakamira kuti "ndidikire ibwerere pomwe ndinagulira", ngati kuti msika umadziwa mtengo umene inu munalipira.

Nkhani zimenezi sizobisika ayi. Malamulo a msikawu amakakamiza kampani kulengeza m'nyuzipepala ikaona kuti phindu lake lisiyana ndi la nthawi yapita ndi 20 peresenti kapena kuposa. Werengani zilengezo zimenezo, ndipo mukaitanidwa ku msonkhano wa pachaka wa eni masheya pitani mukafunse mafunso; ndi ufulu wanu ngakhale muli ndi masheya ochepa.

Mtengo ukakwera kwambiri, ngozi yake ndi ina. Ndi pamene a pa WhatsApp amayamba kulalikira kuti gulani msanga. Musanagule, yerekezani mtengo wa sheya ndi phindu limene kampani ikupanga pa sheya iliyonse. Ngati mtengo wawirikiza katatu pomwe phindu langokwera pang'ono, mukugula chiyembekezo cha anthu ena. Amene muli nayo kale, palibe cholakwika kugulitsako gawo kuti mubweze zimene munaika, zotsalazo n'kuzisiya.

Pali chinanso chimene ambiri sachiona. Munthu amagula National Bank, Standard Bank, NBS ndi FDH n'kumati waika ndalama zake m'malo osiyanasiyana. Onsewo ndi mabanki, ndipo gawo lalikulu la phindu lawo limachokera pobwereketsa boma. Chiwongoladzanja chikatsika kapena boma likavutika kubweza, onse akhudzidwa limodzi. Mlimi wodzala chimanga chokhachokha m'minda inayi, ng'amba ikabwera imamupeza monsemo. Sakanizani ndi makampani a ntchito zina.

Pogula ndi pogulitsa dzerani kwa broker (wokugulirani ndi kukugulitsirani masheya pamsika) wovomerezeka ndi Reserve Bank of Malawi, ndipo mufunseni ndalama zimene adule pa ntchitoyo komanso msonkho wake musanasaine. Kugulagula ndi kugulitsagulitsa kumalemeretsa iyeyo. Tsiku logula lembani m'kope chifukwa chimene mwagulira sheyayo ndi zimene zingakuchititseni kuigulitsa, ndipo muziyang'ana kopelo kampani ikatulutsa zotsatira zake za theka la chaka ndi za chaka chonse.