Galu wavulala msana, miyendo yakumbuyo sikugwira: mmene mungamuphunzitsirenso kuyenda

Oweta agalu ambiri akaona galu akukoka miyendo yakumbuyo, kaya wagundidwa ndi galimoto kaya disiki ya pamsana (kakhushoni kokhala pakati pa mafupa a msana) yaphulika ngati zimachitikira agalu amsana wautali aja a dachshund, amangoti basi zatha. Ayi ndithu, ambiri amadzayendanso, kungoti pamafunika kumuphunzitsa tsiku ndi tsiku ngati mwana woyamba kumene kuponda.

Tsiku la ngoziyo musamunyamule mopinda msana, mugonekeni pa thabwa mupite naye kwa dokotala wa ziweto. Kumeneko amatsina chala cha phazi mwamphamvu kuti aone ngati ululu ukufika ku ubongo. Apa musanamizike, kungokoka mwendo sikumva ayi, zimenezo amachita ngakhale mtsempha wa mumsana utaduka. Galu amene akumva amatembenuka, kulira kapena kufuna kuluma, ndipo ameneyo mwayi wake ndi waukulu. Ndiye musayambe mafizo alionse dokotala asanakuuzeni kuti msana wakhazikika, nthawi zambiri amayamba wamutsekera kaye mukakhola kakang'ono masabata 4 kapena kuposerapo.

Chimene ndimafuna anthu amvetse ndi ichi, kuyenda sikuchokera ku ubongo kokha. Mumtsempha wa mumsana cha kuchiuno muli timaselo timene timadziwa kusinthanitsa miyendo, uwu ukaponda winawo unyamuke, ndipo katswiri wa sayansi Graham Brown anaona kale zimenezi pa amphaka mu 1911. Kenako mu 1987 akatswiri ena, Barbeau ndi Rossignol, ku Montreal m'dziko la Canada anaonetsa kuti amphaka oduka mtsemphawu akamawayendetsa pa treadmill (makina a lamba woyenda amene umayendapo uli pamalo amodzi) atawagwirira kumbuyo, pakapita masabata amayamba kuponda ndi miyendo yakumbuyo atasenza thupi lawo. Chinanso chimene chinapezeka pa amphaka, ophunzitsidwa kuima amadziwa kuima, ophunzitsidwa kuponda amadziwa kuponda, ndipo mukasiya kuwaphunzitsa luso lija limabwerera mmbuyo. Mtsempha umaphunzira chokhacho chimene mukuubwerezera. Nchifukwa chake zimandipweteka kuona galu akungosiyidwa kuti azikwawa pakhomo miyezi yathunthu, chifukwa akuphunzira kukwawako.

Ndiye mumatani? Tengani thaulo lalitali mulidutse pansi pa mimba cha kuchiuno, mugwire mbali zonse ziwiri ngati chogwirira chikwama. Musamukweze mpaka mapazi kulendewera, apa mpamene ambiri amalakwitsa, mapazi aziponda pansi ndipo azisenzako kulemera pang'ono poti kumva kulemera kuja ndi kumene kumadzutsa mtsempha. Yang'anani phazi, galu wotere amakonda kupondera kumsana kwa zala, ndiye inu weramani muliwongole lipondere kunsi kwake, alipindenso muliwongolenso, osatopa. Yambani ndi kumuimika chabe mphindi imodzi kapena ziwiri, kangapo patsiku, pamalo posaterera. Akayamba kulimba muziyenda naye pang'onopang'ono kwambiri, ngati mulipo awiri wina azigwira thaulo wina azisuntha mapazi kumanzere kumanja ngati mmene amayendera ali bwino. Mukathamanga amangodumpha ngati kalulu miyendo yonse pamodzi ndipo palibe chimene akuphunzirapo. Akagona cham'mbali muzipinda ndi kuwongola mwendo uliwonse mofatsa ngati akupalasa njinga kuti mfundo zisaume. Komwe kuli treadmill ya mmadzi ndi bwino kwambiri poti madzi amamupeputsa, koma ngati anamuchita opaleshoni bala likhale litapola kaye.

Kubwereza pafupipafupi kwa mphindi zochepa kumaposa kumutopetsa kamodzi. Miyendo ikayamba kunjenjemera kapena kukokeka, lekani apume.

Koma mafizo onsewa ndi achabe mukaiwala chikhodzodzo. Agalu ambiri otere sangathe kukodza okha, ndiye dokotala akuonetseni kafinyidwe kake, katatu kapena kanayi patsiku, mkodzo ukayamba kununkha kwambiri kapena kuoneka magazi bwererani naye msanga. Pogona pakhale pofewa ndi pouma, muzimutembenuza pakapita maola 4 aliwonse kuopa zilonda za mchiuno, komanso zala zimene zikukhuzika pansi muziveke sokosi. Mankhwala aululu a anthu ngati ibuprofen musampatse chonde, amaononga mmimba ndi impso.

Ena amaponda pakatha masabata ochepa, ena miyezi. Alipo ena amene kumva sikubwerera koma amadzayamba kuyenda modzandira ndi mphamvu ya mtsempha wokha uja, ndipo amene sizinatheke amakhala bwinobwino ndi kangolo ka matayala. Chizindikiro choyamba chimene ndimauza anthu kuti azichiyembekezera ndi mchira, tsiku limene wagwedeza mchira pokuonani inuyo, uthenga wochokera ku ubongo wayamba kudutsa mumsana. Koma mukaona kufooka kukukwera chakutsogolo, miyendo yakutsogolo nayo ikufooka kapena akuvutika kupuma, siyani zonse muthamangire kwa dokotala tsiku lomwelo.