Foni ikamakwawa pa intaneti, chitani izi musanagule bandulo ina

Ambiri kuno ku Mchinji foni ikamangozungulira osatsegula kanthu amati netiweki yavuta. Nthawi zambiri vuto limakhala m'foni momwemo. Yadzaza, ndipo zinthu zosafunika zikulimbirana bandulo yomwe mwaigula movutikira.

Yambani ndi malo. Pa Settings lowani pa Storage. Foni ya 32GB ikatsala ndi malo osakwana 1GB imayamba kukwawa, ndipo odya malo kwambiri ndi magulu a WhatsApp: la mpingo, la banki mkhonde, la ukwati womwe unachitika kalekale. Mu WhatsApp lowani pa Settings, pitani pa Storage and data, kenako Manage storage. Mafayilo onse oposa 5MB aikidwa pamodzi, ingofufutani. Bwererani pa Storage and data, ndipo pa Media auto-download chotsani zonse za mobile data kuti mavidiyo asamalowe okha.

Apa ndiye tcherani khutu, chifukwa ambiri amalirira pano. Mukalowa pa Apps mu Settings ya foni n'kusankha Facebook kapena Chrome, kenako Storage, mupeza mabatani awiri oyandikana: Clear cache ndi Clear data. Mafoni ena lachiwirili amalilemba Clear storage. Loyamba limangosesa zinyalala zomwe app inasunga, silionongetsa kanthu. Lachiwiri limabweza app ngati yangoikidwa kumene. Facebook ikufunsani password, pomwe akaunti mwina anakutsegulirani mnyamata wa pashopu zaka zitatu zapitazo. WhatsApp ifuna manambala 6 otumizidwa ku nambala yomwe munalembetsera, ndipo ngati SIM imeneyo inatayika, mwagwa nayo. Mauthenga opanda backup sabwereranso. Dinani Clear cache basi, ndipo werengani kawiri musanadine.

Ma app otchedwa Cleaner ndi Booster achotseni onse. Ndi omwewo amabweretsa zotsatsa malonda zodzaza sikirini, ndipo chotsatsa chilichonse chimadya bandulo yanu. Memory card ya 64GB yogulitsidwa motsika modabwitsa pamsika isiyeninso. Zambiri zotere mkati mwake ndi zazing'ono, zimalandira zithunzi bwinobwino koma tsiku lozifuna zimakana kutseguka.

Okhala kufupi ndi malire a Mwami muli ndi vuto lanulanu: foni imatha kulumphira yokha pa netiweki ya ku Zambia. Zimitsani Data roaming, ndipo pa Network operators chotsani automatic, musankhe nokha TNM kapena Airtel ya kuno.

Zotsalazi n'zachangu. Ngati foni ili ndi Android 9 kapena yoposa apo, mu Settings fufuzani Private DNS ndipo pamenepo lembani dns.adguard-dns.com, zotsatsa zambiri zisiya kulowa. Ikani Facebook Lite m'malo mwa yaikulu ija. Opera Mini imapulumutsa bandulo, koma podzaza fomu ya ntchito kapena ya sukulu bwererani pa Chrome. Mukatha zimitsani foni, muyatsenso.