Mmene timapezera kwawo kwa fumbi la m'ayisi wakale

Agogo anga ankangoyang'ana mapazi a mlendo n'kudziwa ngati wadzera kudambo kapena kumtunda, poti makande amamatirira mwakemwake ndipo katondo sabisa kufiira. Ntchito imene ndinaphunzira m'labu ina ku Ulaya ndi yomweyo, kungoti fumbi lake linagwa kalekale n'kukwiririka m'ayisi wa ku Antarctica ndi ku Greenland.

Yambani ndi kusankha chidutswa cha ayisi. Ku Dome C, malo ena a ku Antarctica, gulu la akatswiri a ku Ulaya lotchedwa EPICA linaboola kupitirira mamita 3,200 n'kutulutsa ayisi wa zaka 800,000, pomwe wa ku Vostok, ku Antarctica komweko, unafika zaka 420,000. Ngati mukungoyamba kumene, pemphani wa nyengo yozizira kwambiri, zaka pafupifupi 21,000 zapitazo. Nthawi imeneyo fumbi lotera ku Dome C linkachuluka pafupifupi ka 25 kuposa la m'nyengo zofunda. Ayisi wa nyengo yofunda ndi woyera mbee, moti mumasungunula wambiri kuti mupeze kafumbi kokwanira kuyeza.

Kenako tsukani, ndipo apa musaumire. Kunja kwa chidutswacho kuli mafuta oboolera, zotsalira za macheka ndi litsiro la m'manja mwa aliyense amene anachigwira. Chiviikeni m'madzi osefedwa kotheratu kangapo mpaka khungu lonse litasungunuka, mutsale ndi chapakati chokha. Zimawawa kuona ayisi wochokera kutali chonchi akupita m'sinki, koma palibe kuchitira mwina. Ine ndinasiyapo kabotolo kosavundikira kunja kwa chipinda chopanda fumbi chimene timagwiriramo ntchitoyi, kwa mphindi zochepa chabe, poti wina anandiitana. Poyeza, calcium anakwera modabwitsa, kusonyeza fumbi la simenti ya pakhoma pathu pomwepo. Ntchito ya sabata yathunthu inathera pomwepo.

Madziwo apititseni m'makina a Coulter Counter kuti muwerenge timibulu ndi kudziwa kukula kwake. Ta ku Antarctica timakhala pafupifupi mamayikiloni 2 (mamayikiloni 1,000 ndiwo milimita imodzi), poti tikuluakulu timagwa m'njira. Mukaona tosongoka ngati magalasi osweka pa mayikiloskopu, limenelo ndi phulusa la phiri lophulika, lipatuleni.

Mboni yoyamba ndi mtundu wa dongo. Kaolinite amapangika kotentha ndi konyowa, pomwe chlorite amakhalitsa kozizira ndi kouma. Mu 1997 Pierre Biscaye ndi anzake, poyeza ayisi amene anabooledwa pa ntchito yotchedwa GISP2 ku Greenland, anapeza kaolinite wochepa poyerekeza ndi chlorite. Zimenezi zinatsutsa Sahara n'kuloza kum'mawa kwa Asia, kumene kuli zipululu za Gobi ndi Taklamakan.

Mboni yachiwiri, imene ine ndimaikhulupirira kwambiri, ndi maisotopu a strontium ndi neodymium, zitsulo ziwiri zopezeka m'miyala; maisotopu ndi maatomu a chinthu chimodzi osiyana kulemera. Rubidium-87 wa m'mwala amasanduka strontium-87 pang'onopang'ono, choncho mwala wokalamba wokhala ndi rubidium wambiri umakhala ndi strontium-87 wochuluka, pomwe miyala yatsopano ya mapiri ophulika, monga ya ku Andes ku South America, ili ndi wochepa. Neodymium nayenso amaulula msinkhu wa mwala umene fumbilo linaperesekako. Sungunulani fumbilo m'asidi, lekanitsani strontium ndi neodymium, ndipo muziyeze pa mass spectrometer, makina olekanitsa maatomu malinga ndi kulemera kwake. Musaiwale kuti mchere wa m'nyanja wouluka ndi mphepo uli ndi strontium wakewake. Muuchotse m'masamu anu.

Manambala okhawo sanena kanthu mpaka muwayerekeze ndi dothi la kumalo amene mukuwaganizira. Apa ndi pamene ambiri amaphonya. Amatapa dothi la m'chipululu n'kuliyeza momwe liliri, mchenga ndi dongo pamodzi, chonsecho strontium-87 amachuluka m'timibulu ting'onoting'ono kuposa m'mchenga wa malo omwewo. Lekanitsani dothilo mutsale ndi timibulu tosapitirira mamayikiloni 5, tofanana ndi timene mphepo ingaulutse mtunda wautali. Neodymium sasintha kwenikweni ndi kukula kwa mbulu, ndiye ziwirizi zikasemphana, kayang'aneni kaye kasefedwe kanu.

Umu ndi mmene Francis Grousset ndi anzake mu 1992 analozera ku Patagonia, kum'mwera kwa South America, monga kwawo kwa fumbi la ku Dome C. Dothi la ku Australia ndi la kuno kum'mwera kwa Africa linayezedwanso m'kafukufuku wotsatira, koma la ku South America ndilo linagwirizana bwino ndi fumbi la nyengo zozizira.

Pomaliza funsani ngati mphepo ingathedi kuyenda ulendowo. Kwa Patagonia zikumveka: mapiri a ayisi ankapera miyala kukhala ufa, mitsinje n'kuumwaza m'zigwa zopanda udzu, nyanja itatsika ndi mamita pafupifupi 120, ndipo mphepo yamphamvu yochokera kumadzulo inkasesa zonsezo. Fumbi la nyengo zofunda ndi losakanizika, mwina ndi la ku Australia momwe, choncho polemba lipoti lake tchulani malo onse ogwirizana ndi manambala anu.