Momwe mungaphunzitsire galu wa lokolo kumva, mpaka asiye kugwira nkhuku za aneba

Agalu ambiri kuno ku Thyolo amadziwa mawu awiri basi, dzina lawo ndi "choka". Zikatero timayamba kunena kuti galu wa lokolo ngosamva bola German Shepherd, chonsecho palibe olo tsiku limodzi lomwe tinamuonetsa chimene tikufuna kuti azichita. Wanga ndi wa lokolo weniweni, ofiira amakutu oima aja mumawaona akuzungulira pa chiwaya pa Luchenza, koma ndikati khala amakhala, ndikamuitana amabwera ndipo nkhuku zimatola madeya pafupi ndi mbale yake. Chikwapu sichinagwirepo ntchito.

Zofunika ndi zochepa, bonya kapena usipa wouma, chingwe cha nayiloni chomangira mbuzi chija chotalika mamita 5 mpaka 10, lamba wa mkhosi wofewa ndi kathumba koikamo bonyayo. Bonya wakwera mtengo inde, masiku ano kamulu kake ungachite kuwerenga nsomba zake, koma sikuti mukumudyetsa kuti akhute ayi, kansomba kamodzi mumakadula pawiri kapena patatu nde kamulu kamodzi kamakufikitsani patali. Ngati ndi wamchere kwambiri yambani mwamutsuka nkumuyanikanso. Zamapaketi zomwe amagulitsa mmashopu akuluakulu ku Limbe ndi ku Blantyre zisakupwetekeni mutu, ndalama imeneyo bola musungire katemera.

Za katemerazo ndinenepo pang'ono chifukwa galu wodwala saphunzira kanthu. Kagalu musakachotse kwa make kasanakwane masabata 8. Katemera wa parvo, matenda aja kagalu kamasanza ndi kutsegula mmimba zamagazi nkufa mmasiku ochepa, amayamba pa masabata 6 mpaka 8 ndipo amabwereza, wa chiwewe ndi pa miyezi 3 kenako chaka ndi chaka. Pitani kwa alangizi a ziweto ku ofesi ya zaulimi ya mdera lanu, mukafunsenso za mankhwala a njoka za mmimba. Katemera amakhala mufiriji pakati pa madigiri 2 ndi 8, nde munthu akafika pakhomo panu dzuwa lili pamutu nkutulutsa kabotolo mthumba la jekete ati ndimabaya agalu motchipa, muuzeni apitirire. Chimodzimodzi anyamata ogulitsa tiagalu mmbali mwa msewu mtauni, kwa iwowo kalikonse kakuda pamsana ndi German Shepherd, khadi ya katemera akupatsani yodzadza bwinobwino koma madeti onse alemba ndi cholembera chimodzi mmawa womwewo.

Tsopano ntchito. Choyamba galu adziwe kuti malipiro amachokera kwa inu. Galu amabwereza chimene chamupindulira, chosapindula amachisiya yekha, izi wasayansi wina wa ku America, B.F. Skinner, anazionetsa kalekale pa makoswe ndi nkhunda koma olo wothyola tiyi ku esiteti angakuuzeni, mutasiya kumulembera makilo mawa lake simumuona mmunda. Chovuta ndi nthawi. Galu amalumikiza malipiro ndi chomwe wachita pa sekondi imodzi kapena ziwiri zomwezo, mukachedwa nkupisa mthumba iye waimirira kale nde mwamulipira kuimirira. Nchifukwa chake mumasankha liwu limodzi lalifupi, ine ndimati "eya". Nenani eya, mupatseni kachidutswa, dikirani pang'ono, eya, kachidutswa kena, mpaka muone kuti mukangoti eya makutu akuima akuyang'ana dzanja lanu. Kuyambira pamenepo liwulo ndi lomwe limamuuza kuti chimenecho ndiye chomwe ndimafuna, bonya akhoza kubwera pambuyo pang'ono. Za nthawizi zimagwiranso pa chilango. Nsapato anatafuna mmawa inu mukumumenya madzulo pobwera kuntchito, chomwe waphunzirapo nchakuti mukalowa pageti azithawa.

Muzichita mphindi 5 zokha, kawiri kapena katatu patsiku, asanadye nsima yake. Wokhuta amangokuyang'anani nkukagona pamthunzi.

"Khala" ndi wosavuta. Bonya pamphuno pake, kwezani dzanja pang'onopang'ono kupita kumbuyo kwa mutu wake, mutu ukakwera matako amatsika okha, akangogunda pansi eya, mupatseni. Musamukanikize pamsana. Akayamba kutsatira dzanja mosavuta mpamene mumayamba kunena liwulo musanakweze dzanja. "Gona" nchimodzimodzi, kungoti dzanja limatsika kuchoka pamphuno mpaka pansi pakati pa miyendo yakutsogolo. Awiriwa olo mwana wa sitandade 4 akhoza kuphunzitsa.

"Bwera" ndi liwu lomwe tsiku lina lidzamupulumutse kugalimoto pamsewu wa Limbe-Muloza, nde musalisewerere. Yambirani pakhonde ali pachingwe, itanani dzina nkuti bwera kamodzi kokha, bwererani mmbuyo mukuomba mmanja, akafika eya, mulipireni bwino, kenako musiyeni apite kukasewera. Lamulo lake ndi limodzi ndipo muuze nyumba yonse, galu saitanidwa kuti adzamenyedwe. Olo akhale waba nyama mumphika, ngati mwamuitana wabwera, wamvera. Mukamumenya pamenepo mawa adzaima patali akukupizani mchira osayandikira. Ndipo nonse muzinena liwu lomwelo, osati bambo akuti bwera, mayi akuimba likhweru, ana akuti kamu.

Kenako "siya". Fumbatani bonya mdzanja, muloleni anunkhize, anyambite, akande, inu phee. Akangochotsa mphuno olo pang'ono, eya, nkumupatsa wina wochokera kudzanja linalo, osati yemwe amafunayo. Akazolowera ikani bonyayo pansi mutaphimba ndi phazi, kenako osaphimba. Aphunzire kuti kusiya chinthu nkomwe kumabweretsa chabwino kuposa chomwe wasiyacho.

Nde tafika pa nkhuku, apa mpomwe zinandisokonekera ndipo ndikhalitsapo.

Wanga uja anali atafika poti bonya pansi ndikati siya amayang'ana kumbali, nkhuku zathu zikudutsa pamphuno pake iye ali gone, ine nkumumasula kuti basi watha sukulu. Tsiku lina ndikungomva "odi" wamphamvu kumpanda. Ndituluke, mayi a kuseri kwathu aima agwira thadzi miyendo, khosi lili lendee, mikolongwe yakuda bii yoikira mazira, galu ali pambali pawo nthenga ili kukamwa mchira ukugwedezeka ngati wachita zabwino. Anangoti, "Bambo, tabwerani mudzaone ntchito ya galu wanu wophunzira uja." Ine nkuti, "Pepani mayi, nenani mtengo wake." Mtengo womwe ananena unali wa nkhuku kuphatikizapo mazira omwe inali isanaikire, koma ndi aneba sulimbana nawo pa zoterezi, ndinalipira.

Malangizo anabwera ambiri madzulo amenewo. Wina ati mumangirire nkhuku yakufayo mkhosi mpaka iwole, wina ati mumenye nayo kumaso, wina ati tsabola. Zonsezi zimachitika nkhuku itafa kale, pamene galu malipiro ake analandira nthawi yomwe amaithamangitsa. Nkhani yagona pamenepo. Kuthamangitsa chinthu chothawa kwa galu nkokoma pakokha, safuna wina womulipira, ndipo akachita kamodzi chilakolako chimakula. Nkhuku zathu zinali zitamuzolowera sizimathawa nde sizimamudzutsa mtima, ya aneba itamuona inakupiza mapiko nkuliyatsa liwiro ikulira, pamenepo kachidutswa ka bonya sikangapikisane nayo. Chinanso galu amaphunzira ndi malo omwe. Zomwe wadziwa pakhonde panu sikuti akazidziwanso munthochi mwa aneba, kumeneko mumayambiranso.

Ndiye chitani chonchi. Abwerere pachingwe ndipo asapezenso mpata wothamangitsa nkhuku olo kamodzi nthawi yonse yomwe mukumuphunzitsa, mukachoka pakhomo akhale mkhola kapena mumpanda momwe nkhuku sizilowa. Malipiro akwere, bonya achoke pabwere chiwindi kapena mapapo owiritsa oduladula tating'ono, kubutchala mapapo satchaja kwambiri makamaka mukapita chakumadzulo nyama ikutha. Vundikirani nkhuku imodzi ndi dengu loti izioneka, inu muime ndi galu patali. Patali pake ndi pomwe akuiona nkhukuyo koma akulandirabe chakudya mdzanja lanu. Akakana chiwindi dziwani kuti mwayandikira kwambiri, mutu wake wapita kale, bwererani mmbuyo.

Muzimuyang'ana iyeyo osati nkhuku. Galu asanadumphe amaoneka, kukamwa kumatsekeka, thupi limauma, mutu umatsika pang'ono, maso ali tong'oo malo amodzi. Pamenepo mpomwe mumati siya, osati atanyamuka kale chifukwa akanyamuka olo mukuwe mpaka amve a kutsidya sakumvani. Akangotembenuka kukuyang'anani, eya, chiwindi, osaumira. Akapanda kutembenuka musamukoke mwankhanza, ingoyendani naye chobwerera mpaka thupi limasuke nkuyambiranso. Tsiku lililonse muziyandikira pang'ono. Akafika poti akayang'ana nkhuku akutembenukira yekha kwa inu musananene kanthu, chotsani dengu nkhuku iziyenda. Kenako, ndipo apa mpomwe ambiri amadumpha, uzani mwana aiingitse dala nkhukuyo ithawe ikukupiza mapiko, inu mutabwereranso patali ndi chingwe chili mmanja. Mukatha pamenepo sinthani malo, kuseri kwa nyumba, kudimba, panjira yopita kumjigo, nkhuku za eni ake zomwe sanazionepo. Pomaliza mumasiya chingwe chizikhwekhwereka pansi kuti zikavuta mungochiponda. Zimatenga masabata, kwa galu wamkulu yemwe anaphapo zambiri olo miyezi, ndipo kunena zoona woteroyo ine sindingamusiye yekha ndi anapiye olo aoneke wosintha chotani.

Muzimupatsanso pothera mphamvuzo. Mpira wachikulunga, kumuponyera azikatola, kuyenda naye mmawa. Ndipo adye, galu wongodya nsima ya madeya yopanda ndiwo musadabwe akamakasuzumira mkhola la nkhuku kufuna mazira.

Zikakhazikika yambani kuchepetsa malipiro, pena mwamupatsa pena mwangomusisita, asamadziwe kuti lero zikhala bwanji, amalimbikira kwambiri choncho. Koma osasiyiratu.

Zotsalazi ndingodutsamo. Wothamangitsa a kabaza ndi njinga zamoto, njira yake ndi ya nkhuku yomweyo. Wodumphira alendo ndi matope, mlendo amufulatire osamukankha ndi manja chifukwa kwa iye kumeneko nkusewera, miyendo inayi ikakhala pansi mpomwe amupatse moni. Wotafuna nsapato ngati ali pakati pa miyezi 3 ndi 7 akuchotsa mano, aukhanda 28 akuchoka akubwera 42, mupatseni chingwe chokhuthala chomangidwa mfundo, nsapatozo lowetsani mnyumba. Mafupa a nkhuku ophika ayi, amanyenyeka nkubaya matumbo. Anyezi ndi chokoleti ayinso, ndipo inu okhala pafupi ndi minda ya makademiya samalani, mtedza umenewo galu akadya amasanza, kunjenjemera ndi kufooka miyendo yakumbuyo.

Wouwa usiku wonse yambani mwaona kaye kuti akugona pati, nyengo ya chiperoni kuno kumazizira zoopsa nde galu womangidwa pamtengo akunyowa auwa basi, thumba louma pakhonde kapena mkhola lofolera limathetsa zambiri. Ena amaopa kuti galu wophunzitsidwa ndi chakudya sakhala wolusa, nde amamutsekera mkakhola kamdima tsiku lonse, ena mpaka kumusakanizira chamba mu nsima. Zimenezo zimangopanga galu wamantha yemwe adzalume mwana wa mnyumba momwemo, kuuwa mlendo wausiku galu sachita kuphunzitsidwa, amayamba yekha akamakula. Akaluma munthu tsukani balalo ndi sopo ndi madzi oyenda kwa mphindi 15 nkuthamangira kuchipatala tsiku lomwelo, khadi yake ya katemera mutenge. Nkhupakupa gulani mankhwala olembedwa kuti ndi a ziweto nkufunsa kasungunulidwe kake, osati zamtimabotolo topanda pepala za tsiku la msika pa Bvumbwe kapena pa Chonde, enanso amatenga mankhwala opopera tomato, agalu ambiri afa nazo zimenezo. Ngati ndi wamphongo woyendayenda usiku kutsata akazi, kumufula kumathandiza koma apange ndi a vetenale, osati mnyamata wa lezala.